Theka la Ndowa si Theka la Nyemba

Ana anga ndi adzukulu anga a kuno kwa Kaphuka, inu amene mudakali pasukulu ndi inu amene mwayamba kale kudzisakira m'madimba, m'misika ndi pa njinga za kabaza, ndili nanu mawu pa nkhani ya miyezo. Ambiri a inu masamu mumawadziwa kuposa ife makolo anu, ndipo pa chenji palibe angakupusitseni. Komabe ndimakuonani mukuberedwa masana dzuwa likuswa mtengo, wokuberaniyo ali nambala imene mwaimva bwinobwino n'kuivomera ndi mutu. Gwero la vutoli ndi lakuti mutu wa munthu udazolowera kuwonkhetsa. Tikamva kuti chinthu chatalika kawiri, timayesa kuti ndi zam'kati zomwe zachuluka kawiri. Tikamva 5 ndi 6, timati zasiyana pang'ono. Chonsecho zinthu zambiri zimene timayeza tsiku ndi tsiku zimakula mochulukitsa, zina manambala ake amayenda chobwerera m'mbuyo, ndipo amene wazindikira zimenezi amadya thukuta la amene sadazizindikire.

Tiyambe ndi ndowa, poti ndiyo sikelo ya anthu ambiri pa Chimbiya, pa Linthipe, ngakhale pakhomo pamene venda waimika njinga yake. Ndowa ndi yopapatiza pansi, yotambalala kukamwa. Tengani ya malita 20, yotalika masentimita 40, yotambalala masentimita 20 pansi ndi 30 kukamwa. Thiranimo nyemba mpaka pakati penipeni pa msinkhu wake. Diso likuuzani kuti pamenepo ndi theka, malita 10. Khuthulani nyembazo muziyeze ndi chigoba, mupeza malita 8 okha, pakuti malita 12 onse amakhala m'chigawo cha pamwambacho. Ndiye mukagula hafu ndowa pa theka la mtengo, malita 2 mwamusiyira wogulitsa. Mukakhala kuti wogulitsa ndinu, chenjerani ndi wogula uja amati, "Tathirirani pang'ono amayi, kangotsala kachala kamodzi kuti idzaze." Kachala kamodzi ka kukamwa kwa ndowa kamadya nyemba zoposa zala ziwiri za pansi pake.

Tsono pali kamulu kamene kamasongoka pamwamba pa chiwiya chikadzaza. Wogula amakakonda, ndipo amakatchula ngati basera chabe. Kamulu kameneka kamakula mbali zitatu nthawi imodzi, m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba. Kukamwa kwa chiwiya kukatambalala kawiri, kamuluko kamachuluka ka 8. N'chifukwa chake wochenjera amabwera ndi beseni lotambalala pogula soya wanu, koma iye akakhala pamsika kugulitsa amayezera kachigoba kakamwa kopapatiza. Yang'aninso mmene amayi anu aunjikira tomato. Atatu pansi, mmodzi pamwamba, onse pamodzi 4. Akawonjezera mzere umodzi pansi pake tomato akwana 10, akawonjezeranso wina akwana 20. Mulu wa mizere 4 ndi wotalika kawiri kuposa wa mizere 2, koma tomato wake ndi wochuluka kasanu. Mtsikana wosazindikira akausiyiridwa malonda n'kuugulitsa mulu waukuluwo pa mtengo wa milu iwiri yaing'ono, wapereka milu itatu ulere.

Alimi a kachewere a kuno ku Dedza mpaka ku Lizulu akulidziwa thumba losokerera, lija amalilumikiza ndi chidutswa cha thumba lina kuti litalike, kenako n'kulukira chingwe pamwamba pa mbatata yosefukira. Dzina lake likadali thumba, mtengo wake ndi wa thumba, koma anyamata olikweza pagalimoto ndiwo angakuuzeni kulemera kwake. Mawu akuti thumba, ngolo, ndowa kapena mulu amatchula chotengera, satchula kuchuluka kwa katundu. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayesa masikelo a malonda ndi kuwadinda. Pamene pali sikelo yodindidwa, gulitsani pa kilo. Pamene palibe, ikani kaye pa sikelo ya ogula paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsekula, muone ngati muvi uima pa 1. Wokana kuti muyese sikelo yake wakuuzani kale zonse zimene mumafuna kudziwa.

Tipite kumunda, kumene mikangano ya ganyu ndi ya kubwereka malo imayambira. Ekala ndi malo a pafupifupi mamita 64 m'litali ndi 64 m'lifupi. Munthu akakuuzani kuti akubwerekani theka la ekala n'kukuyezerani mamita 32 uku ndi 32 uko, wakupatsani kota, chifukwa wadula pakati mbali zonse ziwiri. Theka lenileni ndi 64 kwa 32, kapena pafupifupi 45 kwa 45. Mwini munda nayenso akakuuzani kuti, "Ndime ya lero ndi yaikulu kawiri kuposa ya dzulo, ndikulipirani kawiri," yendani mbali zonse musanagwire khasu. Ngati yakula kawiri m'litali n'kukulanso kawiri m'lifupi, msana wanu ugwira ntchito ya ndime 4 pa malipiro a ndime 2. Kumbukiraninso kuti hekitala, imene alangizi amakonda kutchula, ndi mamita 100 kwa 100, ndipo muli maekala pafupifupi awiri ndi theka. Wothira m'ekala imodzi mankhwala olembedwa kuti ndi a hekitala awotcha mbewu yake, ndalama n'kupita pachabe.

Pamene kabzalidwe ka Sasakawa kadafika m'midzi muno, ambiri adakakayikira. Adati, kale timabzala mbewu zitatu paphando, lero akuti imodzi, ndiye kuti chimanga chichepa katatu. Iwo adawerenga mbewu za paphando n'kuiwala mpata. Kabzalidwe kakale ka masentimita 90 pakati pa mizere ndi 90 pakati pa mapando, mbewu zitatu paphando, kamapereka mapesi pafupifupi 37,000 pa hekitala. Mizere ya masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi paphando, imapereka mapesi oposa 53,000. Imodzi idaposa zitatu chifukwa mpata ukachepa mbali zonse ziwiri, mapando amachuluka mofulumira kuposa mmene diso liganizira.

Makolo athu oluka nkhokwe adalidziwa lamulo limeneli osalilemba pabolodi. Nkhokwe ikatambalala kawiri koma msinkhu uli womwewo, nsungwi zolukira khoma lake zimafunika kawiri, chimanga cholowamo chimachuluka kanayi. N'chifukwa chake nkhokwe imodzi yaikulu imapulumutsa nsungwi kuposa tinkhokwe tambiri. Inu a ulimi wothirira m'mbali mwa Linthipe, lamulo lomweli lili m'mapaipi anu. Paipi ya mainchesi 2 ili ndi kukamwa kwa mapaipi 4 a inchi imodzi, ndipo madzi amadutsamo mosavutikira kwambiri. Wogula mapaipi awiri aang'ono poganiza kuti afanana ndi imodzi yaikulu amapeza theka la madzi kapena kucheperapo, pampu n'kumangolira, mafuta n'kumatha, kabichi wa kumapeto kwa dimba n'kumafota.

Manambala ena amayenda chafutambuyo. Mnyamata akagulitsa mbatata yake n'kupita ku Dedza boma kukagula malata, amamva za geji 28, geji 30 ndi geji 32. Mtima umathamangira 32, poti ndiyo nambala yaikulu ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo. Amabwerako akudzitama kuti wapeza zolimba motchipa, chonsecho pa geji nambala ikamakwera lata limapyapyala. Kawerengedwe kameneka kadachokera kwa osula waya akale a ku Ulaya, amene ankakoka chitsulo kudutsa m'timabowo tocheperachepera. Waya wokokedwa kambiri ndiye ankakhala ndi nambala yaikulu, ndipo ndiye wowonda. Kuno kumapiri kumene mphepo imawomba mwamphamvu ndipo nkhungu imanyowetsa denga m'miyezi yozizira, lata lopyapyala limang'ambika pamsomali ndi kuchita dzimbiri msanga. Musanapereke ndalama, funsani kuchindikala kwa latalo m'mamilimita, pakuti milimita ikakwera chitsulo nacho chachindikala.

Palinso miyezo imene sitepe iliyonse imachulukitsa ka 10. Ife achikulire timakumbukira usiku wa pa 10 Marichi 1989, pamene chivomezi chidagwedeza Salima ndi maboma oyandikana nawo, lathu lino lomwe, n'kupha anthu ndi kugwetsa nyumba zambiri. Mphamvu yake idapitirira 6 pa muyezo wa zivomezi. Ku Karonga nako mu Disembala 2009 kudachitika zivomezi zotsatizana, chachikulu mwa izo cha pafupifupi 6. Muyezo umenewu adauyambitsa Charles Richter wa ku America mu 1935, ndipo adaupanga mwadala kuti zivomezi zazing'ono ndi zazikulu zikwane pa manambala ochepa. Chivomezi cha 6 chimagwedeza nthaka ka 10 kuposa cha 5, ndipo mphamvu imene chimatulutsa ndi yochuluka pafupifupi ka 32. Pakati pa 4 ndi 6 pali kusiyana kwa mphamvu ka 1,000. Mukamva pawailesi kuti kwina kwachitika cha 7, musanene kuti changoposa pang'ono cha ku Salima. Ndipo pomanga nyumba musadalire kuti khoma lidapirira kagwedezeka kena kakang'ono, poti dziko lathu lili m'mphepete mwa chigwa chachikulu chimene nthaka yake imasuntha.

Muyezo wa mtundu womwewu uli m'munda mwanu. Alangizi akayeza dothi amatchula pH, ndiko kuwawasa kwa nthaka. Pa 7 nthaka ili pakatikati, ndipo nambala ikamatsika kuwawasa kumakula. Dothi la pH 5 ndi lowawasa ka 10 kuposa la pH 6, ndiponso ka 100 kuposa la pH 7. Madera okwera a mvula yambiri ngati athu ano amakonda kukhala ndi dothi lowawasa, ndipo kuthira feteleza wa nayitirojeni chaka ndi chaka popanda manyowa kumawonjezera vutolo. Nambala ikatsika kupitirira 5.5, mizu ya chimanga ndi nyemba imavutika, ndipo gawo lina la chakudya cha m'feteleza limamangika m'dothi, mbewu osalipeza. Mlimi amaona chimanga chachikasu n'kuthamangira thumba lina la feteleza, pamene munda ukulira laimu ndi manyowa. Mlangizi akakuuzani kuti dothi lanu lili pa 5 pomwe la mnzanu lili pa 6, musapepuse kuti ndi nambala imodzi yokha.

Feteleza amene naye ali ndi msampha wake. Matumba onse ndi a makilogalamu 50, koma m'thumba la yureya muli makilogalamu 23 a nayitirojeni, pamene m'thumba la CAN muli pafupifupi 13. Poyerekeza mitengo, werengani chakudya chimene chili m'thumbamo. Dziwaninso kuti thumba lachiwiri pa ndime yomweyo silibweretsa zokolola zofanana ndi loyamba. Loyamba limapeza mbewu ili ndi njala, lachiwiri limaipeza yadyako, lachitatu mwina silibweza n'komwe ndalama yake. Wokhala ndi matumba awiri ndi maekala awiri amapindula kwambiri akagawa mofanana kusiyana ndi kukhuthulira onse pa ekala imodzi n'kusiya inayo ili yokhayokha.

Tsopano mvetserani bwino za peresenti, chifukwa apa m'pamene ngakhale a masatifiketi amagwa. Peresenti payokha siuza munthu kanthu mpaka adziwe kuti ndi ya chiyani. Pa 7 Meyi 2012, patangopita mwezi Mayi Joyce Banda atalowa pampando, kwacha idatsitsidwa mphamvu. Dola imodzi imene inkagulidwa pa K168 idafika pa K250. Ena adalengeza kuti kwacha yagwa ndi 33 peresenti, ena adati ndi 49 peresenti, ndipo onsewo sadaname. Oyambawo ankawerenga mphamvu imene kwacha yataya, enawo ankawerenga mmene mtengo wa dola wakwerera. Mu Novembala 2023 dola idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo dziko lonse lidamva nambala ya 44 peresenti. Kumeneko kudali kukwera kwa dola. Kwacha ya m'thumba mwanu idataya pafupifupi 30 peresenti ya mphamvu yake yogulira dola. Chochitika n'chimodzi, manambala awiri, ndipo wolankhula amasankha imene ikumukomera.

Pamsika zimayenda chimodzimodzi. Mtengo wa chigoba cha mtedza ukatsika ndi 50 peresenti kuchoka pa K4,000, ufika pa K2,000. Ukakweranso ndi 50 peresenti ufika pa K3,000, pamalo pake sunabwerere. Kuti ubwerere pa K4,000 uyenera kukwera ndi 100 peresenti. Mukamvanso kuti kukwera mitengo kwa zinthu kwatsika kuchoka pa 30 kufika pa 20 peresenti, musathamangire kugolosale kuyembekeza sopo wotchipa. Chinthu cha K1,000 chidakwera kufika pa K1,300 chaka choyamba, ndipo chaka chachiwiri chifika pa K1,560. Chimene chachepa ndi liwiro la kukwerako, mitengo ikukwerabe.

Katapila ndiye chilombo chachikulu pa zonsezi. Tiyerekeze kuti mwabwereka K50,000 mu Disembala kuti mugule feteleza, pa chiwongola dzanja cha 50 peresenti pamwezi, mwalonjeza kubweza mu Epulo mukayamba kukumba mbatata. M'mutu mwanu mwawonkhetsa K25,000 kanayi, mwapeza kuti mudzabweza K150,000. Wobwereketsayo akuwerenga mwina. Mu Januwale ngongole yafika pa K75,000, ndipo mwezi wotsatira chiwongola dzanja akuchiwerengera pa ndalama imeneyi. Mu Febuluwale ili pa K112,500, mu Marichi pa K168,750, mu Epulo pa K253,125. Chiwongola dzanja chabereka chinzake, ndipo mbuzi, njinga ndi malata a padenga zimapita motero. Ngakhale ku banki m'khonde, kumene mumabwerekana pachibale, funsani musanalandire ndalama ngati chiwongola dzanja chiwerengedwa pa ndalama yoyamba yokha kapena pa ngongole yonse imene yaunjikana. Yankho lake lilembedwe m'kope pamaso pa mboni. Safunsa adadya phula.

Inu anyamata a njinga zamoto, gawo lanu ndi ili, ndipo pano chotayika si ndalama yokha. Mukathamanga makilomita 60 pa ola m'malo mwa 30, liwiro lawonjezeka kawiri, koma mtunda umene njinga imakhwekhwereza mutaponda mabuleki umatalika kanayi, ndipo mphamvu imene mungawombere nayo mwana wodutsa msewu imakulanso kanayi. Phindu la kuthamangako nalo limanka lichepa. Pa ulendo wa makilomita 60, kuchoka pa liwiro la 40 kufika pa 60 kumakupulumutsirani mphindi 30. Kuchoka pa 80 kufika pa 100, kuwonjezera 20 yemweyo, kumakupulumutsirani mphindi 9 zokha, pamene mtunda woimira watalika kuposa theka. Msewu wa M1 umadutsa m'misika yodzaza anthu, ngolo ndi ziweto. Akulu adati kuthamanga sikufika, ndipo masamu akuwavomereza.

Ndiye muzitani? Nambala iliyonse imene mwauzidwa muziifunsa mafunso atatu. Loyamba, chikuyezedwa n'chiyani, utali, kukula kwa malo, kapena zolowa m'kati? Lachiwiri, nambalayi ikakwera ndi imodzi, chinthucho chikuwonjezeka, chikuchulukitsidwa, kapena chikuchepa? Lachitatu, ngati ndi peresenti, ndi ya ndalama iti, ndipo pa nthawi yaitali bwanji? Mukafunsa, yesani ndi manja anu. Khalani ndi chigoba chanu chimene mudachiyeza ndi botolo la lita, ndi chingwe chanu cha mamita 10 chomanga mfundo pa mita iliyonse. Ngongole muziilemba mwezi ndi mwezi papepala mpaka tsiku lobweza musanavomere. Mukamagulitsa mbewu gulitsani pagulu, chifukwa kalabu ya alimi ingathe kugula sikelo yake ndi kukana thumba losokerera, pamene mlimi mmodzi wokhala ndi ngongole pakhosi amavomera chilichonse. Musachite manyazi kuchedwetsa malonda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wogula amene akukufulumizitsani kawirikawiri ali ndi chimene sakufuna kuti muchione.

Mawu anga otsiriza ndi a kwa inu amene mawa mudzakhale mbali inayo ya sikelo. Ena a inu mudzakhala mavenda, ena eni mashopu a malata, ena osunga kope la banki m'khonde. Nzeru ndakupatsanizi zingathenso kukhala chida chobera gogo wosadziwa kuwerenga amene wasenza nyemba zake kuchokera kuphiri. Musatero. Ndowa imene mumagulira ikhale yomweyo yogulitsira, wogula malata muzimuuza geji yoona, ndipo wobwereka ndalama muzimuwerengera poyera zonse zimene adzabweze. Phunzitsani azing'ono anu masamu amenewa pakhomo ndi tomato, ndowa ndi chingwe, ndipo amayi anu akamapita kumsika ndi mbewu, aperekezeni mukawayang'anire muyezo.